Kazitape wa kwa Bishopu

Lolemba, 3 Novembala

Lero ndayenda ngati mzinda wonsewu ndi wanga. Zaka ziwiri ndikufukula makalata a m'busa Balthasar Rümmelin, wa mpingo uja unapatuka ku Chikatolika, ndipo tsopano ndagwira chinthu. Bishopu analemba lamulo lomuthamangitsa pa 14 Malichi 1586. M'busayo anayankha lamulolo, mfundo ndi mfundo, pa 9 Malichi. Kuyankha kalata isanalembedwe! Ndiye kuti kunyumba kwa bishopu kunali kazitape amene ankamutsina khutu. Wamutulukira ndine, Wiebke Harms, mwana wa wophika buledi.

Lachisanu ndikafotokoza izi pamaso pa a Pulofesa Hallgarten ndi ophunzira anzanga. Zolemba zanga ndawatumizira kale a Pulofesawo lero. Akakhutira, anditenga kuti ndichite digiri ya udokotala wa mbiri yakale pansi pawo. Akapanda kukhutira, basi kwathu, kukakanda ufa. Ababa anandisungira kale epuloni.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndaimbira amayi. Ndalongosola za kazitape mpaka foni kutentha. Iwo: "Koma anthu akowo si anafa kalekale, mwanawe? Ukudya koma?"

Ndayeserera pagalasi nkhope yodzichepetsa yoti ndikaonetse akamandiyamikira. Sikundikhala.

Lachitatu, 5 Novembala

Kosungira makalata akale. Bambo Zwickel, amene amatitulutsira mabokosi kumeneko, anangondifunsa ngati ndili bwino. Ine ndi pakamwa pangapa, ndinawayalira makalata awiri aja patebulo kuti nawonso adabwe.

Anayang'ana. Anayang'ananso.

"Mayi Harms, masiku khumi aja mwawonjezera?"

"Masiku khumi ati?"

Anavula magalasi pang'onopang'ono ngati munthu wodzanena maliro. "Papa anasintha kalendala mu 1582. Akatolika anadumpha masiku khumi. A m'busa anuwa anakana kwamtuwagalu, ati papa sangawawerengere masiku. Ndiye 9 wawoyu ndi 19 wa bishopu."

Ndinangoti kukamwa yasa. Lamulo pa 14, yankho pa 19. Munthu analandira kalata, n'kuyankha. Basi.

Chondiwawa n'chakuti izi ndimazidziwa. Ndinaziphunzira chaka choyamba, mayeso ake ndinakhoza. Chaka chatha ndinaseka mnzanga wina atakodwa pa msampha womwewu. Ndinaseka mokweza.

"Musadandaule," anatero bambo Zwickel akubweza bokosi. "Ndinu wachisanu ndi chiwiri chiyambireni ntchito ine. Wina anachita kusindikiza buku."

Lachinayi, 6 Novembala

Maliro a kazitape. Ndinali nditamupatsa kale ndevu, mwendo wotsimphina ndi mkazi wodwaladwala. Masamba makumi anayi a munthu amene sanabadwepo. Ndinadya mfulumira.

Maganizo oipa abwera ndikumwa khofi: ndingokhala chete, mwina sakazindikira. Ndakhala nawo maganizowo mpaka khofi kuzizira. Ndili ndi mantha, ndipo ufa ndimadana nawo.

Lachisanu, 7 Novembala

Ndinaimirira. Ndinawerenga tsamba loyamba mmene ndinalilembera, mpaka pa mawu akuti kazitape. Ndinaona a Pulofesa akutsegula cholembera. Pomwepo ndinatseka mapepala.

"Pepani nonse. Kazitapeyu kulibe. Ndinaiwala kalendala."

Wina kumbuyo anatsamwa ndi tiyi.

A Pulofesa anatsekanso cholembera chija. "Vutoli ndinaliona Lolemba, mutanditumizira. Ndimadikira kuti ndione anene ndani, inu kapena ine. Ndiye chatsala n'chiyani?"

"Chatsala ndi m'busa amene anayankha kalata patatha masiku asanu, ngati munthu wina aliyense."

"Masiku asanu? M'Malichi, chipale chofewa chili thoo m'mapiri? Inu nomwe mwalemba patsamba 12 kuti bishopu anatseka malire, aliyense wonyamula kalata kupita kwa opatukawo ankamangidwa. Nanga lamulolo linafika bwanji msanga chonchi m'manja mwa m'busa? Linamera mapiko?"

Zaka ziwiri ndikusaka munthu wobisala kuseri kwa chitseko, osafunsa n'komwe amene ankaponda msewu.

"Lolemba, naini koloko, kuofesi kwanga," anatero akuvala chikhoto. "Mubwere ndi dzina la wamthengayo. Wa ndevu zenizeni."

Ndathamangira kwa bambo Zwickel asanatseke. Ndaitanitsa mabokosi atatu a alonda a pamalire. Pa kapepala koitanitsira ndinalemba deti la dzulo. Andibwezera akuloza detilo ndi chala.