Akaunti m'Dzina la Amayi

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi alamu ndi ana onse. Kodi Amayi akudzuka bwanji masiku ano? Miyendo ija yaphwa, kapena ikadali chitupire? Nanga mutu, akuzindikira anthu bwinobwino? Undiyankhe zoona zokhazokha, usandibisire, chifukwa zimene ndikulembazi zadalira pamenepo. Kuno tilipo. Mlamu wako anavutika ndi dzino koma anakalichotsa, ana akupita kusukulu. Ine ndi msana womwe uja, poti ndimaima tsiku lonse simbi ili m'manja.

Kalata yako ndinailandira. Zoti Amayi akulira kuti adzaone kumene ndimakhala asanatseke maso, ndamva. Ndiyankha m'munsimu, koma uyambe wamva zimene zandigwera.

Kuntchito zinthu zasintha. Abwana anatisonkhanitsa tonse, ochapa ndi osita, pakati pa milu ya nsalu za m'mahotela, n'kutiuza kuti malipiro a mu envelopu atha, aliyense abweretse nambala ya akaunti ya kubanki. Nditafunsa kuti nanga ife amene tilibe titani, anati amene alibe akaunti ndiye kuti malipiro sakuwafuna, ndipo kunja kwa geti kuli anthu ambiri odziwa kusita kolala. Anzanga anaseka. 

Ndiye ndakhala ndikuyenda m'mabanki nthawi ya nkhomaliro, anzanga akudya. Mlongo wanga, kumeneko kuli akuba ovala tayi. Kukusungira ndalama yako amadula mwezi ndi mwezi. Kutapa amadula. Kufunsa kuti yatsala zingati amadula. Ngakhale kauthenga ka pafoni kokuuza kuti akudula, nakonso amadula. Ku banki ina anati akaunti yaulere ilipo, bola ndalama yotsalamo isatsike pa mlingo wawo, koma mlingowo ndi malipiro anga onse osawakhudza. Ndinamufunsa mnyamata wa pa kauntala kuti nanga ana anga azidya chiyani. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, nati mwina banki si ya aliyense, ndisunthe anthu akudikira.

Ndinapitanso ku bungwe lija la anthu osonkherana, limene amasunga ndi kubwereketsana okhaokha. Kumeneko amadula pang'ono zedi, koma uyambe wagula masheya, ndiponso ubwere ndi mamembala okuimira. Ndinapempha mnzanga amene timasita naye tebulo limodzi zaka zonsezi. Anati iye sangaimire munthu amene amawerenga mitengo ya machesi m'bokosi asanabwereke mnzake, ndipo anakafotokozera ochapa onse kuti aseke nawo. Alonda a m'mabanki nawonso afika pondizolowera. Akangondiona amakuwa kuti abwera Bambo Mafunso, apatseni mpando. Munthu wa imvi ngati ine.

Koma Mulungu sataya munthu. Sabata yatha mayi wina wa pa desiki ya pakona, ku banki ya pafupi ndi depoti ya mabasi, atatopa nane anandiuza kuti akaunti yosadula kalikonse ilipo imodzi yokha, ya okalamba. Ya pamwezi palibe, kutapa ndi ulere, khadi ndi laulere. Ndinafunsa mobwerezabwereza mpaka anati ngati sindikumva ndikabwere ndi mwana wa sukulu adzandimasulire. Ine zaka zanga sizinakwane. Za Amayi zinakwana kalekale. Abwana ndawafunsa, akuti dzina alibe nalo ntchito, ngakhale likhale la galu, iwo akufuna nambala basi.

Pempho langa ndi limeneli. Ubwere nawo Amayi kuno Lachisanu loyamba la mwezi wa mawa, pa basi yoyambirira. A banki akufuna mwini wake aonekere yekha, amujambule, adinde chala. Ndalama ya basi ndikutumizira, ya inu awiri, kubwera ndi kubwerera. Ya zina ndilibe, usatenge mwana.

Tsono umvetsetse bwino izi, usachite zachibwana. Chiphaso chawo uchifune lero, usadikire tsiku la ulendo, ndipo uchisunge iweyo. Mayi uja anati zala za okalamba zimavuta pa makina chifukwa mizere inafufutika ndi ntchito. Choncho usawalolenso kuchapa kapena kugwira khasu, ndipo chala chachikulu cha kumanja uziwadzoza mafuta m'mawa ndi madzulo. Uzichita wekha, iwo adzaiwala.

Mapiritsi a ululu aja amene amawaodzeretsa usawapatse tsiku limenelo, ngakhale dzulo lake. Mayi wa kubanki uja anandiuza kuti wokalamba akaoneka wosokonezeka mutu, satsegula akaunti, amati akukakamizidwa. Ndikudziwa kuti miyendo idzawapweteka m'basi. Ndi tsiku limodzi lokha, apirire. Anapirira zazikulu kuposa izi.

A banki adzawafunsa kuti ndalama izichokera kuti. Ayankhe kuti mwana wawo amawathandiza mwezi ndi mwezi, basi, atseke pakamwa. Uwaphunzitse mpaka awaloweze mawu amenewa. Asayambe nkhani zawo zija zoti sindinatumize kanthu chichokereni, ukuwadziwa akayamba sasiya. Ngati angaganize kuti ndikuwatsegulira akaunti yawoyawo, asiye aganize choncho mpaka mutabwerera, adzamwetulira bwino pa chithunzi. Koma iweyo udziwe, ndipo alamu adziwe, kuti ndalama imeneyo si ya Amayi ndipo si ya banja. Ndi thukuta langa. Khadi likhala ndi ine, nambala yachinsinsi ndisankha ine, foni yolembetsa ikhala yanga. Ndisadzamve munthu akuti Amayi ali ndi ndalama kubanki, tikatape tigule malata.

Kunyumba kwanga safika. Chipinda ndi chimodzi, chili pamwamba, masitepe ake sangawathe. Komanso eni nyumba amawerenga mitu polipiritsa madzi, mlendo akangogona tsiku limodzi amamuwerengera mwezi wathunthu. Ndidzakuchingamirani pa depoti, banki ili pomwepo kuwoloka msewu, tikamaliza mudzakwera basi ya masana. Abwana andipatsa m'mawa wokha, ndipo umenewo adula pa malipiro. Za kuchipatala chachikulu unalemba zija sizitheka ulendo uno, mzere wake umatha tsiku lonse. Ana adzakhala ali kusukulu, sindingawajombetse. Ndidzatenga chithunzi chawo m'thumba, Amayi adzawaone pamenepo tikudikira pa mzere.

Udzati ndine wouma mtima, monga unanenera pamaso pa anthu pa maliro a Bambo. Nena. Iwe sunaimepo pa kauntala mwana wa msinkhu wa mwana wako akukuseka. Zimene banki ingandidye pa chaka ndi nsapato za ana anga onse. Ndipo ndikalephera kupereka nambala mwezi wa mawawu n'kuchotsedwa ntchito, ndani angalembe munthu wa msana wopindika ngati ine? Amayi sataya kalikonse. Dzina lawo likungokhala, silikugwira ntchito ina iliyonse.

Chatsala chimodzi, ndipo usachitenge molakwika, ndine munthu wofuna kudziwiratu zinthu. Ndinamufunsa mayi uja kuti mwini akaunti akamwalira zimatha bwanji. Anati akangomva amatseka pomwepo, ndalama imakhala momwemo mpaka mapepala a kukhoti atatuluka, ndipo ena amadikira mpaka kutopa n'kuzisiya. Mlongo wanga, Amayi ukuwaona wekha mmene alili. Tsiku limenelo likadzafika, foni yoyamba idzakhale yanga. Usadzauze aneba, usadzauze a kumpingo, usadzayambe kulira mokweza ndisanafike pa makina n'kuchotsa zanga. Zikadzachitika kumapeto kwa mwezi malipiro asanalowe, udzatseke chitseko, udzanene kuti akugona, udzadikire. Ndikadzakuimbira kuti zatheka, pamenepo udzalengeze, ndipo ine ndidzabwera kudzalira nanu.

Undiyankhe msanga za tsikulo kuti ndiwauze abwana. Mvula ikagwa msewu n'kuvuta, mudzabwerebe, tsiku lina sandipatsa.

Upereke moni kwa alamu, uwauze kuti za njinga anandipempha zija aiwale kaye. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali ngati akumvabe, ndi kwa ana ako onse. Mlamu wako ndi ana akupereka moni. Kwa Amayi usanene kuti ndalemba kalata, angakuuze kuti uwawerengere. Ungowauza kuti mwana wawo wawaitana ku tawuni, avale diresi lawo labwino lija.

Tsala bwino.

Ndine mlongo wako,
mwana wachisamba wa Amayi