Benchi la Okalamba

Achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Mitundu tili bwino, koma bambo chifuwa chawayambanso.

Lachiwiri kunabwera azaumoyo kudzatenga magazi, ati aone ngati m'thupi mwathu muli asilikali olimbana ndi kachilombo ka mliri wa chifuwa uja. Anatigawa m'magulu. Ife achinyamata mzere mpaka kumsewu! Koma pa benchi la okalamba, achimwene, panali bambo okha. Namwino akuti, "Anzanu ali kuti, bambo?" Iwo anangosendera kumapeto ngati akupatsa malo anzawo a Phiri ndi a Mbewe, amene tinawaika m'manda chaka cha mliri chija.

Ndikangotseka maso ndikuona benchi lija. Chonde bwerani Khirisimasi ino, musadikire foni ya maliro. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Tiyamike