Kabaji Kotsala M'jekete

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndipo mwendo uja wasiya kukuvutani. Ine ndilipo, koma mzime wanu sali bwino ayi. Pa foni mawu amandithawa, n'chifukwa chake ndalemba. Madokotala amupeza ndi khansa ya m'magazi, ndipo wagonekedwa pachipatala chomwechi chimene tonse awiri timagwirapo ntchito.

Paja iye amagwira kuchipinda cha makina ounikira m'thupi. Makinawo amatulutsa cheza chosaoneka ndi maso, chimene chikachuluka chimawononga munthu. Ndiye aliyense wa kumeneko amapatsidwa kabaji kovala pachifuwa, koyeza cheza chimene chamulowa. Mwezi ukatha timabajito timapita kokayezedwa, zotsatira zake n'kubwera kwa ine kuti ndizilowetse mu kompyuta, dzina ndi dzina. Nambala ya munthu ikakwera, dzina lake limafiira, ndipo amamuchotsa kumakinako kuti azikasanja mafayilo.

Koma abambo a kumeneko, kusanja mafayilo amati ndi ntchito ya ofooka. Akalekale amaphunzitsa atsopano kusiya kabajiko m'thumba la jekete, jeketelo n'kulikoleka pamsomali kunja kwa chipinda. Mwana wanuyo, ndi makani ake aja, anangotengera zomwezo.

Dokotala wake atapempha mbiri yake ya cheza, ndinaitulutsa ndine. Amayi, ziro yekhayekha zaka zonsezi! Mkulu woona za chitetezo anati malinga ndi kompyuta, cheza sichinamukhudzepo, choncho matendawa si a kuntchito ndipo chipatala chilibe mlandu. Ndinapsa mtima, ndinawauza kuti kompyuta imangobweza zimene waipatsa, ndipo chimene takhala tikuyeza ndi jekete, osati munthu. Anati ndibweretse mboni. Anzake onse a kumakinako akukana kuikira umboni, poti majekete awonso ali pamisomali yomweyo.

Nditamufotokozera mwiniwakeyo, anaseka mofooka, ati bola dzina lake silinafiirepo. Ndinamukalipira mpaka anamwino kundiletsa, kenako ndinakalirira pakhonde. Wawonda zedi, nkhama zikutuluka magazi, ndipo ndili ndi mantha.

Lero m'mawa nditayatsa kompyuta, ndapeza dzina lake lafiira koyamba. Chifukwa chake n'chakuti sanabweze kabaji ka mwezi uno. Ndinapita kukakatenga m'thumba muja, ndipo jeketelo ndabwera nalo kunyumba.

Pempho langa ndi limodzi. Siyani zonse mubwere msanga, akadali kuzindikira anthu. Akangotsegula maso amafunsa za inu.

Mundiperekere moni kwa atate, koma muwauze mwapang'onopang'ono chifukwa cha mtima wawo uja. Moninso kwa amalume, azakhali ndi asuweni onse. Pobwera mutenge chofunda chochindikala, mu wodimo mumazizira, ndipo pambali pa bedi lake pali benchi yokha.

Ndine mwana wanu wachisamba,
amene akudikira kukuchingamirani.