Ndazirira Eni Ake

Lolemba, 3 Novembala
Pansi pa nyumba pafumbuka ponse. Chimwalirire bambo a mwana sindinazirepo. Ndizira ndi chiyani? Ng'ombe zathu alamu anapita nazo kukhola kwawo maliro atangotha, eti kukatisungira. Ndikasesa, tsache likungokokolola dothi.

Lachitatu, 5 Novembala
Mwana walowedwa matekenya, phazi lonse lakumanzere. Akuswana m'fumbi lomweli. Ndawachotsa ndi singano iye akukuwa mpaka mawu kusasa. Chala chachikulu chatupa, sakuponda.

Lachinayi, 6 Novembala
Ndinapita kwa alamu ndi ndowa. Ndinapeza akazi awo. Ndinagwada, ine ndemwe, kupempha ndowe za ng'ombe zomwe ndinkazidulira udzu ndekha. Akuti, "Pepani, ndowe zonse ndi za kudimba." Kenaka kuseka: "Ndowa ya ndowe! Mudakazirabe masiku ano? Ife tikuika simenti."
Ndinabwerako ndowa ikulira m'njira.

Loweruka, 8 Novembala
Ndatsatira ng'ombe kudambo ngati wakuba, kumatola zikangogwetsa, zikadali zofunda. Ng'ombe yathu yothyoka nyanga inandizindikira, inabwera kudzandinyambita mkono. Apo ndiye ndinalira. Pamaliro misozi inakana, yadzatuluka lero pamaso pa ng'ombe.

Lamulungu, 9 Novembala
Kutchalitchi sindinapite. Ndasakaniza ndowe, dothi la pachulu ndi phulusa pang'ono. Kuyambira kukhoma lakumapeto, chogwada, kumabwerera cham'mbuyo mpaka pakhomo. Msana ngati wathyoka. Koma pasalala, fumbi lagona, ndipo fungo lake ndi la masiku aja bambo ake ankaima panja nkumati, "Mayi, ndilowe kapena ndiuluke?"
Mwana wakhala pakhonde tsiku lonse, phazi m'madzi amchere. Mafinya ayamba kutuluka.

Lolemba, 10 Novembala
Alamu abwera m'mawa pansi pasanaumitsitse. Odi sanaodire. Analowa ndi nsapato, zidindo mpaka kuchipinda. Anagogoda makoma, kuyang'ana denga.
"Mlamu, dzanja muli nalo. Muno chimanga sichingafumbwe."
Ndinati chimanga chanji?
"Changa. Nyumbayi ili pamalo a bambo athu. Inu kwanu kulipo."
Ndinawauza kuti dothi la makomawa ndinaponda ndi mapazi angawa, ndili ndi pakati. Anati dothilo ndiye lawo.
Ndinapita kukadandaula kwa apongozi, ndinawapeza akusenda nyemba. Sanadzutse mutu. "Ine ndine mkazi, mwanawe, ndinganene chiyani."

Lachitatu, 12 Novembala
Chikhadabo cha mwana chazuka. Thupi likutentha.

Lachinayi, 13 Novembala
Ngolo yafika ndi matumba ife tikadali momwemo. Zokoka ngoloyo ng'ombe zathu zomwe. Anyamata akulowetsa, ine ndikutulutsa: mphasa, miphika, zofunda. Nditatha ndinatenga nkhwangwa nkuzula chitseko. Anachipala bambo a mwana ndi manja awo, si cha dothi la munthu.
Alamu anati, "Mlamu, ndiye mbuzi zilowa!"
Ndinanyamuka. Mwana kumsana, chitseko pamutu. Tapumira pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, ndamugoneka pachitsekocho. Kuchipatala nkutali, ndipo kumwamba kwayamba kuda.