Mkono wa Yohane sukufika pakhutu

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Nkhulambe. Kaya inu muli bwanji ku Halaleko? Amayi chifuwa chija chayamba kuleka, koma ine mtima suli m'malo.

Lolemba ndinapita ndi mwana wanga Yohane kukamulembetsa sukulu kumishoni. Aphunzitsi anaimika ana pamzere, aliyense adutsitse dzanja lamanja pamwamba pa mutu, agwire khutu lakumanzere. Wogwira khutu ndiye wakula. Paja mkono wa Yohane unapola mopindika atagwa mumtengo muja. Anayesetsa mpaka misozi, zala osafika.

Ndinagwada. "Aphunzitsi, taonani m'kamwamu, mano aubwana anatha kale!"

Iwo anati, "Mayi, ife timaona khutu. Mubwere chaka chamawa." Chaka chathanso anandiuza zomwezo.

Tsopano bambo ake akuti Yohane angopita kukathyola tiyi ku Mulanje. Chonde achimwene, mwini mbumba ndinu. Alembereni aphunzitsiwo msanga, muwauze kuti mwanayu anabadwa chaka chimene inu munapita kunkhondo. Inu akumverani, ine ayi.

Yohane akungokhalira kudzikoka mkono kuseri kwa nkhokwe. Ndikulephera kumuuza kuti sudzafika pakhutu ngakhale atamera ndevu.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Esitere