Tsinde la Mtedza mu Jumbo

Kapondo, Mchinji
9 Febuluwale

Mng'ono wanga Vitus,

Ndiye mayi uja anandilambalala ngati ndine chitsa! Ine Goodwin ndaima pakhomo pa tchalitchi, kukhosi ndakonza kale kuti ndimulangize, poti tsamba la chimanga lodyedwa ndi mbozi ndinali nditaliona m'manja mwake. Iye osandiyang'ana n'komwe, ulendo kwa mlongo wathu Consolata.

Pepa, ndayambira pakati, mtima uli m'mwamba. Uli bwanji ku Kitweko? Msana uja ukukulola kuyendetsa thiraki? Kuno tikudzuka bwino, mlamu wako Triza ndi ana omwe. Ine ndiye ndanenepa mpaka lamba akupempha tchuthi.

Ndalemba papepala n'kupatsira Fletcher, dalaivala mnzako, chifukwa pa Watsapu ya banja mwini nkhani alipo.

Mlongo wathu uja, amene tinkamutuma kukapala moto dzanadzanali, lero ndi "alangizi". Chisiyireni ntchito ku kampani ya mbewu ku Lilongwe, akuti waima payekha, alibe bwana. Ali ndi njinga yamoto, majombo ndi kachikwama koyezera dothi. Alimi akumuitana okha, kuyambira kwa Mavwere mpaka ku Ludzi, ena akuchita kuoloka malire kuchokera ku Zambia. Foni yake imalira kuposa belu la ku parishi. Pobwerera kuminda njinga imachita kuwerama ndi nkhuku ndi maungu, tsiku lina mbuzi yamoyo itakhala kumbuyo ngati mkwatibwi. Ine ndalangiza anthu m'mudzi muno zaka makumi awiri, chimene ndinalandirapo ndi ndudu imodzi, yonyowanso.

Si nsanje ayi, usandimve molakwa. Ndikungodabwa kuiwala kwa anthu. Iwe ukukumbuka chaka chija ndinazula tsinde limodzi la mtedza tikuchita kunyamulizana anthu awiri.

Mu Novembala anaitanitsa msonkhano pabwalo la mpira. Anati mtedza tizibzala ndi mvula yoyamba, mothinana, uku ndi uku pamzere umodzi, kuti masamba atseke dothi msanga. Akuti nsabwe zimene zimabweretsa kadukutu, matenda aja opinimbiritsa mtedza, zimakonda munda wa mipata. Ine ndinaimirira n'kufunsa ngati mtedza wasanduka anthu a mu minibasi. Anthu anaseka mpaka akhwangwala anasamuka mudzi. Ndinawonjeza kuti mwana amene ndinkamupukuta mamina sangandiphunzitse khasu.

Iye sanakwiye, ndipo n'zimene zimandinyansa. Anangoti achimwene anena zawo, koma aliyense adziwe lamulo la ntchito yake: saponda m'munda wa munthu pokhapokha mwini munda atamuitana ndi pakamwa pake.

Tsono nkhani ndi iyi. M'munda wako wa pachulu, umene unandisiyira, ndinabzalamo mtedza wa Chalimbana wa malemu amayi. Yense, wanga, wako ndi wa Consolata amene munandisungitsa popita kutauni, osasiyako ngakhale wodzaza chitini. Ndinabzala Khirisimasi itadutsa poti fodya anandigwira, ndiponso motalikana bwino, kuti odutsa pamsewu aone kusiyana kwa nzeru za sukulu ndi nzeru za Goodwin.

Aona ndithu. Mtedza wakwinyirira, masamba achita chikasu, wakana kukula. Koma usataye mtima, ndi mizere itatu yokha ya kumapeto.

Mbewu imeneyi ukuidziwa, Vitus. Chaka cha njala chija amayi anaibisa kudenga ife tikulira, anakana kuikazinga. Ikathera m'manja mwanga, ndikawauza chiyani tikakumana?

Ndiye ndinapanga nzeru. Lachiwiri ndinazula tsinde limodzi, n'kuliika mu jumbo, n'kutuma Triza kwa Consolata kuti akanene kuti ndi la Eneya, neba wathu uja.

Triza akuti mlamu wake anayang'ana masamba pang'ono chabe, kenako n'kuyamba kufikisa dothi la kumizu ndi zala. Anati kwa Eneya ndi kwa mchenga, ndipo anakathandiza yekha kubzala. Katondo wofiira chonchi, wosakanikirana ndi dothi la chiswe, Kapondo yense amapezeka pachulu cha achimwene a Vitus basi. Atatero anabweza tsinde mu jumbo, n'kumanga bwinobwino, n'kunena kuti akapereke moni kwa "a Eneya". Akawauze kuti wodwalayo sachira, ngofunika kumuzula ndi kuthana ndi nsabwe, ndipo wotsalayo angathe kupulumuka n'kukhala mbewu ngati munthu wodziwa alowamo sabata isanathe. Iye akudikira kuitanidwa.

Chibwerereni Triza akunditchula kuti a Eneya. Madzi osamba, a Eneya. Chakudya chapsa, a Eneya. Nyumba yanga yomwe!

Ndinayesa kuzula ndekha. Ndikuuze zoona, maso angawa, amene amaona nyerere ili ku Chipata, sakusiyanitsa wodwala ndi wongofooka. Ndikagwira uyu ndikuopa, ndikasiya uyo ndikuopa.

Apa ndiye pakufunika iwe. Iye anati mwini munda. Kodi mwini munda si iwe? Muimbire foni, umuuze kuti ukufuna akaone munda wako. Unene kuti unalota amayi akudandaula, kapena chilichonse, madalaivala mabodza simusowa. Dzina langa lisamveke. Tsikulo ine ndidzangotulukira ngati ndikufuna mbuzi yosochera, ndidzaima patali n'kumagwedeza mutu ngati zonse ndimazidziwa kale. Ndikamuitana ndekha, anthu onse anaseka pabwalo aja amva dzuwa lisanapendeke, ndipo wosekedwa akhala ine.

Mwanayo ntchito akuidziwa, Vitus. Izi ndalembera iwe wekha. Ukadzamuuza ndidzakana pamaso pa ansembe.

Upereke moni kwa mlamu wanga Ivy ndi ana, uwauze kuti atate awo aakulu akadali katswiri wa Kapondo. Ambuye akuyendetse bwino m'misewu yaitaliyo, akutchingire ku ngozi ndi tulo ta pachiwongolero.

Ndine mkulu wako,
Goodwin

Ndisanamate envulopu: za mizere itatu zija ndanama. Wadwala kuchokera pachulu mpaka kumsewu, wobiriwira watsala kachigawo ka kumunsi. Ukapanda kuimba pofika Lachisanu, ndipita ndekha kwa Consolata, chipewa chili m'manja. Chonde usandifikitse pamenepo.