Kagalu Kofiirira ka Bambo

Lolemba, 3 Juni
Akuba akolola zovala zonse pachingwe, mpaka zamkati za alamu. Msonkhano wa banja: tigule galu. Bambo a m'nyumba muno angovomera ndi mutu, nkhope ili ku wayilesi.

Lachitatu, 5 Juni
Woweta agalu watumiza zithunzi pafoni. Tiagalu tinayi: koyera, kakuda, tiwiri tofiirira.
Mwana wanga akufuna koyera, akuti kagwirizana ndi makatani. Zoonadi. Wakuba akadzaona kuti galu wafanana ndi makatani adzagwada n'kupepesa.
Alamu akuti kakuda ayi, kamabweretsa tsoka. Munthu watha zaka zitatu pampando wanga osagwira ntchito, lero ndi katswiri wa zobweretsa tsoka.
Ine kofiirira. Fumbi silioneka, ndipo wosambitsa ndikumudziwa kale.
Ndawapatsa bambo foni kuti asankhe. Aifikitsa pamphuno, aibweza. "Tonse n'tabwino."

Lachisanu, 7 Juni
Ndamuimbira woweta. Koyera n'kodula kuposa tinzake. Mayi mmodzi, bere limodzi. Ndafunsa ngati kamachapanso mbale. Sanaseke. Akuti posankha ndiyang'ane khalidwe, osati maonekedwe. Malangizo abwino, kungoti andipeza nditakwatiwa kale.

Loweruka, 8 Juni
Tapita awiri. Bambo anati galimoto ndiyendetse ine. Dalaivala wa lole, zaka makumi awiri sanandikhulupirirepo ngakhale pa wilibala.
Khola laukhondo kuposa chipinda cha alamu. Koyera kanabisala kuseri kwa ndowa, kali njenjenje. Mlonda wathu ameneyo. Tofiirira tili mtulo. Kakuda kanathamangira bambo n'kuyamba kulimbana ndi chingwe cha nsapato. Anakanyamula akuseka, kuseka kumene sindinakumvepo chaka chino. Kenaka anati, "Titenge kofiirira aka, mayi akondwe."
Kakuda bii ngati makala. Masana, dzuwa lili paliwombo.
Woweta anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinalipira.

Lamulungu, 9 Juni
Alamu akupemphera mokweza pafupi ndi kagalu. Mwana sakundiyankhula. Mtendere wake, ndikanadziwa ndikanagula tiwiri.
Bambo ndinawapeza kuseri kwa nyumba, kagalu kali pamiyendo. Ndinafunsa kuti zinayamba liti. Akuti chaka chatha. Diso lamanja ndi chifunga chokhachokha, lamanzere likutsatira. Msewu akuti amaudziwa pamtima. "Ndikanena andichotsa ntchito, nanga mudya chiyani?"
Lole yodzaza simenti, ana a sukulu m'mbali mwa msewu, iwo pamtima!
Ine telala wodziwa kusiyanitsa ulusi wa buluu mitundu isanu, chaka chathunthu osaona kuti mwamuna wanga akufufuza kapu ndi zala patebulo. Ndinkati ndi ulesi.
Ndinafuna kukalipa. M'malo mwake ndinangokhala pansi pambali pawo.

Lolemba, 10 Juni
Makiyi a lole ndawabisa m'bokosi la ulusi. Ndawaimbira abwana awo kuti bambo akudwala. Si bodza. Kuchipatala cha maso akuti tifike eyiti isanakwane.
Avala jekete la paukwati, ngati munthu wopita kukhoti. Mabatani aphonyetsa limodzi. Aima pakhomo, sakundiitana, angotambasula dzanja pang'ono kuti ndiwagwire. Ine ndikadali pano ndi cholembera, chifukwa ndikangoimirira ndiye kuti ndavomera kuti n'zoona.